Masikelo a pa Muloza

Ulendo wa ku Mozambiki sindinaufune. Ndinene zimenezi poyamba, anthu asamati Enelesi ndi mtsikana wachifundo. Anandituma ndi amayi, chifukwa miyendo yawo inali itatupa, ndipo m'nyumba mwathu, ku malayini a esiteti ya tiyi kufupi ndi Boma, munalibenso wina woti n'kupita.

Uthenga unabwera ndi bambo wina wa njinga wogulitsa nyemba. Unati achimwene anga a Lameki, amene mpingo wathu unawatumiza kukalalikira kumudzi wina wa pamsewu wa ku Mokuba, asokonezeka mutu. Anayamba ndi malungo aakulu, malungowo n'kutha, koma nzeru osabwerera. Abale abwere adzawatenge.

Ine ndinali nawo mawu. Sukulu ndinasiyira achimwene omwewa. Bambo atamwalira, ine ndili Fomu 2, amalume anagamula kuti awiri sitingaphunzire: mwamuna apite ku sukulu ya Baibulo ku Blantyre, mkazi alowe m'munda wa tiyi. Masamu ndinkakhoza kuposa iwo, koma palibe anandifunsa. Zaka zinayi ndinathyola tiyi, dengu kumsana, mvula ikunditsira, iwo akumanga tayi.

"Akawatenge a mpingo," ndinatero. "Si ndiwo anawatuma?"

Amayi anangoti, "Ukabwere naye. Koma usakam'mange, wamva? Mwana wanga asadutse m'misika ali womangidwa ngati mbuzi."

Ndinakwera minibasi pa Boma m'mawa. Kondakitala analumbira kuti kwatsala munthu mmodzi, koma anayi mwa amene anakhala mkatimo anali anzake ongodzazitsa mipando, ndipo ankatsika mmodzimmodzi pakabwera wokwera weniweni. Tinanyamuka dzuwa litatentha kale. Pa Limbuli tinaimanso kudikira mayi wina amene anapita kukagula mafuta ophikira ngati galimotoyo ndi ya amuna ake. Pa Muloza, pamalire, ndinadinditsa chiphaso changa, n'kukwera njinga ya kabaza mpaka ku Milanje, tauni yoyamba ya tsidya lija. Kumeneko ndinapeza lole yopita ku Mokuba. Dalaivala ananditchulira mtengo m'Chipwitikizi, ine ndinam'yang'ana mpaka anautchulanso m'Chichewa, utatsika.

Za msewuwo palibe chosimba. Fumbi, maenje, ndi thumba la usipa limene ndinalitsamira mpaka ndinayamba kununkha ngati ndiwo.

Kumudziko anandilandira a Mulepa, mkulu wa mpingo, bambo wamfupi wa imvi. "Muli phama?" anandilonjera m'Chilomwe. Changa ndi cha moni basi, choncho tinapitiriza m'Chichewa.

Achimwene anali atakhala pakhonde la kanyumba ka udzu, atavala jekete kunja kukutentha. Ndinawazindikira ndi makutu okha. Anandiyang'ana monga mmene munthu amayang'anira mtengo.

"Achimwene, ndine Enelesi. Ndabwera kudzakutengani."

Anangoyang'ana kumbali.

"Achimwene anuwa kulalikira sankatha kwenikweni," a Mulepa anandiuza tikudya chinangwa. "Akayamba salekeza, anthu mpaka kugona. Koma m'mudzi muno mulibe wodwala amene sanakwerepo njinga yake kupita kuchipatala. Malungowa anawatengera komweko, m'madambo, akunyamula anthu."

Kutacha anandipatsa mapepala a achimwene atawakulunga bwino m'pulasitiki. Kenako anatulutsa chingwe cha khonje, chatsopano.

"Si wandewu ayi. Koma akaona galimoto amathawira kutchire. Kawiri konse tinayesa. Mum'mange m'manjamu pang'ono chabe, mukam'masule pofika."

Ndinachilandira. Amayi anali kutali, ndipo si iwo amene akanathamanga m'tchire la eni. Ndinachiika m'chikwama pamwamba penipeni.

Pamsewu tinadikira pansi pa mtengo wa mango. Lole yoyamba itangotulukira, achimwene anadzuka n'kulowa m'munda wa nandolo. Ndinawapeza atanjuta, manja ali kumutu. Lole inapita. Ndinawakalipira, ndipo sindibisa. Ndinawauza kuti ndataya masiku a ntchito, kuti kapitawo apereka mzere wanga kwa wina, kuti moyo wanga wonse ndi wolipira zinthu zawo. Dzanja langa linali kale m'chikwama, litagwira chingwe.

Ndi pamene analankhula, motsitsa, akuyang'ana pansi.

"Zebedayo wagwidwa."

Dzina limenelo ndinali ndisanalimve zaka zoposa khumi. Zebedayo anali munthu wa nthano yathu, ya awiriwiri. Achimwene anam'peka ali Sitandade 6, atasuzumira pabowo la nyumba ya vidiyo pamsika wa pa Chonde n'kuona zombo zouluka pakati pa nyenyezi. Zimene anaonazo anazisakaniza ndi za ku Sande sukulu ndi za pa esiteti. M'nthanomo dzuwa linazima kalekale. Anthu otsala amakhala m'mafakitale akuluakulu oyandama mumdima, akupala ndere m'mapaipi kuti apeze chakudya. Owalamulira ndi akapitawo achitsulo, opanda nkhope, a diso limodzi lofiira. Ntchito ikatha amayeza munthu aliyense pasikelo, ndipo wopezeka wopepuka amam'tsegulira chitseko chakunja, kumene kulibe mpweya. Zebedayo ndiye mmishonale womaliza. Mfuti alibe. Ali ndi nyali ya galasi, Baibulo lopanda chikuto, ndi chombo chakale cholira ngati chigayo, chofuna kukankha kuti chinyamuke. Ntchito yake ndi kuba anthu opepukawo asanatayidwe.

Nthanoyi tinkaisimba popita kukapereka chakudya kwa amayi kumunda wa tiyi, ndipo inali ndi lamulo limodzi. Achimwene ndiwo ankam'gwetsa Zebedayo m'mavuto, ine n'kum'tulutsa. Iwo sankaloledwa kum'pulumutsa, ine sindinkaloledwa kum'siya.

Ndinasiya chingwe. Ndinanjuta nawo m'nandolomo.

"Wagwidwa kuti?"

"M'chipinda cha sikelo. Chitseko atseka. Pali anthu khumi pamzere, onse owonda."

Ndinaganiza msanga. Pa esiteti, mvula ikagwa, masamba onyowa amalemera bwino pasikelo, aliyense amadziwa.

"Nanga vuto lili pati? Zebedayo akumasula mabawuti a pansi ndi supuni. Akuika m'matumba mwa anthuwo, aliyense anayi. Akwera pasikelo, onse alemera. Kapitawo akungozunguza diso lake, sakumvetsa."

Achimwene anadzutsa mutu. Kenako anati, "Supuni waitenga kuti?"

"Amayenda nayo m'sokosi. Mwaiwala?"

Sanaseke, koma anadzuka. Ndinawauza kuti chombo cha Zebedayo chikubwera, ndipo ngati akufuna kumva zotsatira, akamvera m'mwamba mwake. Lole yachiwiri itafika anakwera okha, atagwira mkono wanga mpaka zikhadabo zinandilowa.

Pamwamba pa matumba a chimanga tinakhala moyandikana ndi mayi wina wonenepa, a Rozina, wopita ku Milanje ndi nkhuku zisanu. Poyamba ankatiyang'ana cham'mbali. Koma achimwene atam'tsekera Zebedayo m'paipi yodzaza makoswe achitsulo, mayiwo anasendera pafupi.

"Mana, ameneyu ndi wa mpingo uti?" anandifunsa. Kumeneko chemwali amati mana.

"Wa nthano, mayi. Kulibe munthu wotero."

"Aa, ndimayesa ndi wa kwanu. Ndiye angowathira madzi otentha makoswewo."

"Sizololedwa," achimwene anatero, osawayang'ana. "Wotulutsa ndi Enelesi."

"Pepani abusa," a Rozina anatero, n'kuwapatsa nthochi. Anadya. Chinali chakudya choyamba chimene ndinawaona akudya osakakamizidwa.

Ndinam'tulutsa m'paipi. Anam'ponya m'ng'anjo, ndinam'tulutsa. Anam'thera mafuta a nyali pakati pa nyenyezi ziwiri zakufa, ine ndinati anthu amene anawaba aja anayimba nyimbo, iye n'kutsata mawu. Ndikachedwa kuyankha, achimwene ankayamba kuyang'ana m'mbali mwa lole ngati akuyeza podumphira. Choncho sindinkachedwa. Pakamwa panandiuma, mutu unandiwawa, ndipo mumtima ndinkam'tukwana Zebedayo ndi chombo chake chomwe.

Dzuwa lili pamutu tinamva chitsulo chikukhukhuluzika pansi. Lole inaima. Lamba wachitsulo wogwira thanki ya mafuta anali atathyoka, thanki ikulendewera mbali imodzi. Tonse tinatsika. Dalaivala analowa pansi pa galimoto, anatuluka, anatukwana m'zinenero ziwiri, n'kuyamba kufunsa ngati alipo ali ndi waya kapena chingwe. Wina anapereka lamba wa buluku, sanafike. A Rozina anati zingwe za nkhuku zawo n'zosayamba.

Ine ndinaganiza za chingwe cha m'chikwama changa. Kutsogolo kunali Milanje, msika, chipata cha pamalire, anthu. Popanda chingwe ndikanatsala ndi pakamwa pokha. Koma kukhala pamenepo mpaka mawa ndi munthu wothawira kutchire kunali koipa kuposa. Ndinachitulutsa.

"Chatsopanotu ichi," dalaivala anatero. "Mumakamangira chiyani, mana?"

"Mbuzi. Yafa."

Achimwene anachiyang'ana chingwecho chikupita, n'kundiyang'ana ine. Sananene kanthu, koma anadziwa.

Kumanga thankiyo kunatenga nthawi yaitali, chifukwa aliyense anali ndi nzeru zake za mfundo. Ife tinakakhala pamthunzi wa chulu. Ndinawatsukira nkhope ndi madzi a m'botolo, chifukwa fumbi linali litamatirira m'nsidze. Ndikupukuta, analankhula, ndipo ulendo uno sanali za Zebedayo.

"Mwezi uliwonse ndimayenera kulemba kalata kulikulu, kunena anthu amene ndabatiza."

"Ndiye?"

"Zaka ziwiri, atatu. Mmodzi anamwalira. Wina anabwerera kumowa."

"Watsala mmodzi. Si zero."

"Akandiyeza, Enelesi. Akandipeza wopepuka."

"Akuyezani ndani? Kunyumba kuli amayi basi, ndipo amayi alibe sikelo."

"Akandiyeza," anabwereza, n'kukokera jekete pachifuwa. Ndi pamene ndinaona kuti matumba a jeketeyo ndi otupa. Ndinapisamo dzanja. Munali miyala, mbali zonse ziwiri, yosalala chifukwa chogwiridwagwiridwa. Anaitola kalekale, ine ndisanabwere ndi mabawuti anga.

Ndinafuna kuitaya. Ndinaibwezera momwemo.

Tinafika ku Milanje masana ndithu, thanki ikugwedera koma osagwa. A Rozina anatsika ndi nkhuku zawo, n'kundigwira dzanja.

"Mana, musadzam'phe Zebedayo, mwamva? Abusa, inunso muzim'chitirako chifundo, munthu mmodzi mavuto onsewo."

Njinga za kabaza achimwene anakana, choncho mtunda wa kuchipata tinayenda pansi. Ndinkaopa maofesi, mizere ndi mayunifolomu, koma kumeneko kunalibe vuto. Anaima phee pambali panga, mapepala anadindidwa mbali zonse ziwiri. Wapolisi wina anawafunsa ngati ali bwino, ine ndinati malungo, iye n'kuti apite msanga kuchipatala cha pa Boma. Tinawoloka. Ndinaona minibasi zitaima patali, ndipo mumtima ndinati zatha.

Popita ndinadutsa pomwepo osaona kanthu, chifukwa munthu wa pa esiteti sikelo saiona. Koma inali nyengo yokolola. Chimanga chinkalowa kuchokera tsidya lija panjinga, ndipo ogula anali atandanda mbali zonse ziwiri za msewu, kuchokera pachipata mpaka pa siteji. Aliyense anali ndi sikelo yake yolendewera pamitengo itatu, mbedza ili pansi. Matumba ankakwezedwa, mivi ikuzungulira, anyamata akufuula makilo.

Achimwene anaima. Kenako anakhala pansi pakati pa msewu, manja m'matumba a jekete.

Njinga zinayamba kuliza mabelu. Wina anatsala pang'ono kuwagunda ndi thumba. Ndinawakoka mkono, koma munthu wowonda akakana kudzuka amalemera ngati chitsa.

"Achimwene, ndi za chimanga izi. Taonani, chimanga."

Ankangopukusa mutu.

"Chabwino. Zebedayo ali pati tsopano? Nenani, ndim'tulutse."

"Pano satuluka," anatero. "Achuluka. Miyala siikwana."

Ndinayesabe. Ndinati nyali yake yawathobwa m'maso akapitawo. Ndinati chombo chatera pomwepo. Sankamva. Maso anali pa mbedza yapafupi. Anthu anayamba kutizungulira, ena akuseka, ena akufunsana kuti wasuta chiyani. Bambo wina wogula chimanga, wooneka wachifundo ndithu, anabwera ndi chingwe chomangira matumba.

"Chemwali, musavutike. Tim'gwire anthu atatu, tim'mange bwinobwino, tikam'kweze. Mphindi ziwiri zatha."

Ndinachiyang'ana chingwecho. Ankanena zoona, mphindi ziwiri zikanatha. Ndinali nditatopa mpaka m'mafupa, ndipo amayi sakanadziwa, tikanam'masula tisanafike. Koma achimwene anali atatulutsa kale manja m'matumba n'kuwagundanitsa patsogolo, okha, osauzidwa, ngati munthu wozolowera. Apa ndinadziwa kuti kawiri kaja a Mulepa anayesa, anayesa ndi chingwe.

"Chotsani chimenecho," ndinawauza bambowo.

Ndinakoleka chikwama m'khosi, chili kutsogolo. Ndinagwada patsogolo pa achimwene, nditawafulatira.

"Za Zebedayo zatha, ndatopa nazo. Kwerani kumsana. Mutseke maso, musatsegule mpaka ndinene."

"Ndine mkulu wako."

"Ndikudziwa. Kwerani."

Kenako ndinamva mikono ikuzungulira khosi langa. Mayi wina anavula chitenje kuti ndiwaberekere, ndinakana, ndinati agwira okha. Kudzuka kunali kovuta, koma msana wanga unaphunzira ntchito imeneyi zaka zinayi. Mawondo awo ankandibaya m'nthiti, miyala ija ikundigunda m'chiuno pa sitepe iliyonse.

Ndinayenda pakati pa masikelowo. Anyamata sanalephere kulankhula.

"Bweretsani kuno thumba limenelo, chemwali, mtengo wabwino!"

"Kayezeni mimba zanuzo," ndinatero, osatembenuka.

Ena anaseka, koma njinga zinapatuka, ndipo bambo wa chingwe uja anayenda patsogolo pathu akuuza anthu kuti apereke njira. Msewuwo ndi waufupi ukamayenda wekha. Tsiku limenelo sunkatha. Thukuta linkandilowa m'maso. Achimwene anabisa nkhope paphewa langa, mpweya wawo ukunditentha m'khutu.

Tili chapakati anati, "Enelesi."

"Musatsegule maso."

"Sindinatsegule. Masamu unkakhoza ndiwe."

Ndinapitiriza kuyenda.

"Amalume atanena zija, ine ndinali pomwepo. Ndinakhala chete. Ndinkafuna tayi."

Zaka zonsezo ndinkakonza mawu oti ndidzawauze tsiku limene adzavomere. Ndinali nawo ambiri, okhwima bwino, ena ndinkawayeserera m'mizere ya tiyi. Anafika pakhosi n'kukhala pomwepo.

"Gwirani bwino," ndinatero. "Mukunditsamwitsa."

Anamasula pang'ono.

Sikelo yomaliza inali pafupi ndi mayi wokazinga mbatata. Nditaidutsa ndinayendabe masitepe ena khumi, n'kuwatsitsa pakhomo la minibasi. Msana unakana kuwongoka, ndinangowerama manja ali m'mawondo. Kondakitala ankafuula kuti Boma, Boma, watsala mmodzi.

"Tsegulani maso tsopano."

Anatsegula. Anayang'ana minibasi, anayang'ana phiri lathu lili patsogolo, n'kundiyang'ana ine nditapindika choncho. Anachotsa chikwama m'khosi mwanga n'kuchikoleka paphewa pawo. Anakwera okha, anakhala pawindo, n'kuika dzanja pampando wa pambali pawo.

Mnyamata wina wa sutikesi anafuna kukhalapo.

"Pali munthu," achimwene anatero. "Mlongo wanga akubwera. Akupuma kaye."